Mutu 5: Botolo la ku Nazale

1. Ndandanda wa pakhomo

Pachitseko cha holo yodyera panamatidwa pepala la ndandanda wa zakudya. Pepalalo linkanena zokoma zokhazokha: Lolemba nyama, Lachiwiri mazira, Lachitatu usipa, ndipo masamba tsiku lililonse. Amene analilemba ayenera kuti ankadya kwawo.

Chiyambire teremu, ophunzira a pa koleji ya mishoni ya ku Njombwa, yophunzitsa ntchito ya uphunzitsi, ankadya nyemba masana, nyemba madzulo. Nyembazo zinali zofumbwa, moti anankafumbwe ankayandama pamsuzi. Anyamata ankati imeneyo ndiyo nyama yolembedwa pandandanda ija.

Wophunzira aliyense anali ndi khadi la chakudya. Ukafika pazenera, mayi Enelesi, mkulu wa ophika, ankaboola khadilo ndi msomali n'kukupakulira. Khadi likabooledwa ndiye kuti wadya, kaya wadyadi kaya wakataya.

Lachisanu lina mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, zinthu zinafika posauzana. Sankhani, amene anzake anamusankha kukhala nduna ya zakudya, anakwera pabenchi mbale ili m'manja. Anali wamfupi, koma mawu ake ankamveka mpaka kumsewu.

"Anzanga, tatopa!" anakuwa. "Makolo anatitumiza kuno kudzaphunzira, osati kudzaweta anankafumbwe m'mimba. Alipo muno amene waonapo tsamba chiyambire teremu?"

"Palibe!" inayankha holo yonse, masipuni akulira pambale.

Phokosolo linawatulutsa a Pulinsipolo mu ofesi. Anaima pakhomo n'kukweza dzanja.

"Ana anga, bambo amene amatibweretsera ndiwo akuti lole yawo yapita kukanyamula feteleza wa makuponi. Madimba a m'midzi muno auma. Koma kuseri kwa khitchini kuli dimba lathulathu. Consolata ali kuti? Tatiuza, mpiru uja tidya liti?"

Consolata anaimirira. Anali mtsikana wa chaka choyamba, mwana wa mlimi wa fodya wa ku Kaomba. Ndiye anayambitsa dimbalo mothandizana ndi a Mphepo, bambo wachikulire wosamalira maluwa a pakolejipo. Zakudya zotsala ankazikwirira m'dzenje kuti zisanduke manyowa, ndipo madzi otsukira ndiwo kukhitchini anawakumbira ngalande yopita kumabedi. Inali nzeru yabwino, koma anzake ankangomuseka, n'kumamutchula kuti Mayi Manyowa.

Mtsikanayu anali wakhama. Vuto lake linali phuma.

"Lachisanu likudzali, bwana," anayankha osaganiza kawiri.

"Mwamva nonse," anatero Sankhani akutsika pabenchi. "Lachisanu likudzali. Tikadzapeza nyemba zokhazokha, m'kalasi simudzalowa munthu."

2. Alendo m'dimba

M'mawa mwake Consolata analawirira kudimba ndi kheni yake. Mabedi khumi ndi awiri a mpiru ankaoneka bwino ukaima patali. Atawerama n'kutembenuza tsamba, mtima unagunda. Kunsi kwake kunali nsabwe zokhazokha. Anatembenuza lachiwiri, lachitatu, chimodzimodzi. Masamba ena anali atayamba kale kupotana.

A Mphepo atafika sanadabwe.

"Ndi kutenthaku," anatero. "Katenge phulusa kukhitchini. Tisinje tsabola, tisungunule sopo m'madzi, tizithira m'mawa ndi madzulo. Pakatha sabata ziwiri zidzakhala zitachepa."

"Sabata ziwiri? Bambo, ine ndalonjeza Lachisanu!"

"Unalonjeza iwe. Nsabwe sizinalonjeze."

Lamulungu Consolata anakwera kabaza kupita kwawo ku Kaomba kukatenga ufa wokazinga. Bambo ake, a Esau, anawapeza kudambo akuthirira nazale ya fodya. Mbande zinali zobiriwira, zonenepa, popanda ndi kachilombo kamodzi komwe.

"Adada, nanga inu nsabwe sizikukuvutitsani?"

A Esau anaseka. Anasuzumira pansi pa udzu n'kutulutsa botolo la zakumwa lomwe munali madzi achikasu. Linalibe pepala lililonse.

"Awa ndinagula kwa venda pamsika. Zivindikiro ziwiri m'kheni, basi. Nsabwe imafa isanakhale pansi."

"Mungandigawireko pang'ono?"

Tsiku lina bamboyo akanafunsa kuti a chiyani. Koma tsiku limenelo mutu wawo unali kwina. Dzina lawo silinatuluke pamndandanda wa olandira makuponi, ndipo ankafulumira kupita kumsonkhano wokadandaula. Anamuthirira mankhwalawo m'kabotolo kena n'kungoti, "Usanunkhize."

3. Mawu a a Mphepo

Lolemba madzulo Consolata anatulutsa kabotolo kaja m'thumba la siketi n'kuwaonetsa a Mphepo, akumwetulira ngati wabweretsa mphatso. Bamboyo anakatsegula, fungo litangowafika anakatseka msanga.

"Wakatenga kuti?"

"Kwa adada. Ndi a kunazale."

A Mphepo anatembenuza ndowa n'kukhalapo. Anamulozera pamzere wa bedi kuti nayenso akhale.

"Mwana wanga, ndimvere bwino, chifukwa ine sukulu sindinapite koma fodya ndamugwira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pa esiteti ku Chisemphere. Ife ana a fodya tili ndi vuto limodzi. Timaganiza kuti chimene chachiza fodya chichiza chilichonse chamasamba. Timaiwala kuti fodya sadyedwa. Ukamuthira mankhwala kunazale, amakhala miyezi. Mvula imamugwa, dzuwa limamuwomba, amakauma m'chigafa, kenako n'kupita kumsika. Nanga mpiru? Wathyola m'mawa, masana uli m'mimba mwa munthu.

"Usanene kuti titsuka. Ena mwa mankhwalawa sakhala pamwamba, amalowa m'kati mwa tsamba. N'chifukwa chake nsabwe ikangoyamwa imafa. Ungatsuke ndi madzi a chitsime chonse, ungawiritse mpaka nkhuni kutha, poizoni ali momwemo. Mankhwala a ndiwo alipo, ndipo pabotolo pake amalemba masiku oti udikire usanathyole. Nanga apa palembedwa chiyani? Dzina lake ndani mankhwala amenewa? Udikira masiku angati? Iwe sukudziwa, bambo ako sakudziwa, ngakhale venda amene anawagulitsayo sakudziwa.

"Chaka china pa esiteti paja tinadzala mpiru m'mphepete mwa nazale kuti uzimwa nawo madzi. Pothira mankhwala tinathira zonse pamodzi, tikuti tikuuchitira chifundo mpiruwo. Patapita masiku awiri tinaphika. Tinadya amuna asanu ndi atatu, amuna amphamvu onyamula mabelo. Pasanathe ola tinayamba kutuluka thukuta, malovu osaletseka, maso osaona bwino. Anatinyamula pangolo ya thalakita kupita kuchipatala. Mnzanga Tobias, amene ndinkagona naye nyumba imodzi, anatisiya tisanafike pamlatho. Taona manja angawa. Ukuganiza kuti akunjenjemera chifukwa cha ukalamba?

"Pakoleji pano pali ana a eni ake mazana atatu. Kulibwino akutukwane, akuimbe nyimbo, akutchule maina onse amene akuwadziwa. Mawa upite kwa a Pulinsipolo ukawauze kuti unalankhula mofulumira, mpiru ukufuna sabata ina. Manyazi a tsiku limodzi sanagonekepo munthu m'chipatala. Kabotoloka kabwerere kwa mwini wake."

"Ndamva, bambo," anatero Consolata.

Anamvadi. Koma ku ofesi sanapite, ndipo kabotolo kaja anakabisa m'nsapato pansi pa bedi lake.

4. Zivindikiro zinayi

Pofika Lachitatu phulusa ndi tsabola zinali zitathandizako pang'ono, koma nsabwe zinali zikadalipo. Sankhani anadutsa kudimbako ndi anzake awiri, n'kusuzumira pampanda.

"Mayi Manyowa, zikuyenda? Kapena mwaona kuti anankafumbwe atikwana ndiye mukufuna kutisinthira ndi nsabwe?"

Anyamatawo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Consolata sanayankhe, koma makutu anamutentha.

Masana a tsiku lomwelo a Mphepo anabwera atavala jekete, bulangete lili kukhwapa.

"Feteleza wafika kudepoti," anatero. "Anthu akugona pamzere masiku awiri, ena atatu. Ndikapanda kupita lero, kuponi yanga isanduka pepala wamba. Kwa a Pulinsipolo unapita?"

"Ndipita, bambo."

Anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anakwera njinga yawo n'kumapita.

Nthawi ya masewero, anzake onse ali kubwalo la mpira, Consolata anatenga kabotolo kaja n'kulowa m'dimba. Bambo ake anati zivindikiro ziwiri. Iye anaona kuchuluka kwa nsabwe, anawerenga masiku otsala, n'kuthira zinayi. Anayenda bedi ndi bedi, wopanda chotseka pamphuno, wopanda chovala m'manja. Pomaliza mutu unali ukumuwaza. Chakudya chamadzulo sanadye, ndipo anasanza kawiri kuseri kwa hositelo. Anzake atamufunsa anati ndi dzuwa.

Lachinayi m'mawa nsabwe zinali zitayoyoka zonse. Dimba linali loyera ngati nazale ya bambo ake. A Pulinsipolo anabwera kudzaona, ndipo anamugwira chanza pamaso pa anthu.

"Mwana uyu adzakhala mphunzitsi weniweni," anatero. "Ndiwo zopanda feteleza, zopanda mankhwala, zochokera ku zinthu zimene tinkataya. Ena mutengerepo phunziro."

Consolata anayang'ana pansi. Pamene anayang'anapo, m'mphepete mwa ngalande, panali achule atatu atagona chagada. Anawakankhira m'udzu ndi phazi.

5. Mtima m'mwamba

Lachisanu tambala atangolira kachiwiri, atsikana a gulu la zaulimi anathyola mpiru madengu asanu ndi limodzi n'kukatula kukhitchini. Mayi Enelesi analulutira.

"Lero ndiye ndiphika ngati munthu! Ndatopa n'kutukwanidwa pazenera ngati nyembazo ndimalima ndine."

Amayi ophika anakhala pamphasa n'kuyamba kusankha masamba, abwino uku, opotana ndi obooka uko. Consolata anaima pakhomo, akulowa, akutuluka.

"Kodi iwe, wataya chiyani?" anafunsa mayi Enelesi.

Mpata unali umenewo. Pakamwa anatsegula ndithu.

"Mayi, ndimati... muwatsuke kwambiri."

"Tamumvani mwana uyu! Ndayamba kutsuka masamba iwe usanabadwe. Thamanga m'kalasi, belu lalira."

Anapita m'kalasi, koma sanamve chilichonse. Mphunzitsi ankalemba pabolodi, iye maso ali pazenera, kuyang'ana utsi wa kukhitchini. Anapempha kupita panja. Anayenda mpaka pakhomo la ofesi ya a Pulinsipolo, anakweza dzanja kuti agogode, anamva akuseka ndi mlendo m'katimo, n'kubwerera. Nthawi ya tiyi anapita kudimba, anazungulira mabedi opanda kanthu aja, n'kubwereranso m'kalasi. Anakhala pansi, anaimirira kukasongola pensulo yosongola kale, anakhalanso.

Mnzake wokhala naye desiki anamugunda ndi chigongono. "Ukudwala kodi?"

"Ayi."

"Ndiye khazikika. Lero ndi tsiku lako."

Anali ndi mantha, ndipo mantha ake anali awiri. Ankaopa kuti anzake adwala. Ankaopanso kusekedwa ndi kuthamangitsidwa sukulu. Kuyambira m'mawa mpaka masana, mantha achiwiriwa ndi amene ankapambana.

6. Pazenera

Belu la nkhomaliro linalira hafu pasiti thwelofu. Chiyambire teremu sipanakhalepo mzere wotalika chonchija. Ngakhale amene ankakonda kukagula tchipisi kumsewu anabwera ndi makhadi awo. Fungo la mpiru wothira tomato ndi anyezi linali litadzaza holo yonse.

Sankhani anali woyamba pamzere. Ataona Consolata akulowa, anakweza mbale yake m'mwamba.

"Anzanga, ndikalakwa ndimavomera. Mayi Manyowa atichititsa manyazi. M'manja mwawo!"

Holo yonse inaomba m'manja. Ena anayamba kuimba dzina lake. Mayi Enelesi anaboola khadi la Sankhani, anamiza chipande m'poto, n'kuthira mpiru pambale yake. Mnyamatayo sanadikire kukhala pansi. Anatsina masamba ndi zala kuti alawe.

Consolata sanadziwe kuti wadutsa bwanji pakati pa anthu. Anangoona dzanja lake litamenya mbale ija, n'kugwera pasimenti.

"Musadye! Chonde, aliyense asadye!"

Nyimbo inaduka.

"Wapenga?" anafunsa Sankhani.

"Ndinathira mankhwala a fodya. Dzana madzulo. A kunazale, opanda dzina. A Mphepo anandiletsa koma sindinamvere. Si tsabola amene anapha nsabwe zija, ndine ndinathira poizoni. Achule afa kungalande. Inenso ndasanza."

Kwa kanthawi kunangoti zii. Kenako phokoso linabuka. Ena ankakuwa kuti ndi mfiti, ena kuti athamangitsidwe lero lomwe, ena ankangomenya mbale pamatebulo. Sankhani anayang'ana zala zake, anazipukuta pabuluku, n'kuzipukutanso. Mawu amene ankamveka mpaka kumsewu aja anasowa.

A Pulinsipolo analowa akuthamanga. Atamva nkhaniyo nkhope yawo inagwa, koma sanataye nthawi.

"Tsekani zenera. Mapoto onse atatu apite kuseri, mukakumbe dzenje lakuya, kutali ndi dzenje la manyowa, kutali ndi chitsime. Alipo amene wadya?"

Panalibe amene anakweza dzanja.

"Tithokoze Mulungu," anatero. Kenako anatembenukira kwa Consolata. "Iwe, dzulo ndinakugwira chanza pamaso pa anthu, ndipo unandilola ndinene bodza. Zimenezo tikakamba mu ofesi, ndipo bambo ako adzabwera. Koma kuti walankhula anthu asanadye, chimenecho wachita bwino."

Consolata analira. Misozi inali ya manyazi, komanso mtima unatsika kwa nthawi yoyamba chiyambire Lachitatu. Kaya amuthamangitsa kaya amusiya, anthu mazana atatu anali ataimirira ndi miyendo yawo.

Chitseko cha khitchini chinatseguka. Anatuluka mayi Enelesi, chipande chikadali m'manja. Sanayang'ane a Pulinsipolo, sanayang'ane ophunzira. Anabwera molunjika kwa Consolata.

"Mwana iwe, wati unathira liti?"

"Dzana, mayi. Ndikhululukireni."

"Ndiye m'mawa muja, pamene unati nditsuke kwambiri, unkadziwa?"

Consolata anagwedeza mutu kuvomera.

"Mayi, mwalawako?" anafunsa a Pulinsipolo.

"Ine ndangolawa mchere, za ine zisiyeni." Mawu a mayiwo ankanjenjemera. "Bwana, mukudziwa mwambo wathu kukhitchini. Masamba oipa amene timapatula posankha sititaya, ndi a ophika. Anzangawa awo akadali m'mapepala umo. Anga ndinathamanga nawo kunyumba nthawi ya tiyi. Ndinauza mlamu wanga kuti awaphike msanga, ana akangoweruka adye. Atatu onse. Chiyambire mwezi uno sanalawepo masamba."

"Amaweruka nthawi yanji?"

"Thwelofu."

Aliyense anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itatsala pang'ono kukwana wani koloko.

Nthawi ya tiyi ija Consolata anali akuzungulira m'dimba. Mawu omwewa akanawanena m'mawa pakhomo la khitchini, dengu lililonse likanakhala lili pamalo pake.

Chipande chinagwa pansi. Mayi Enelesi anamanga chitenje m'chiuno n'kutuluka liwiro, akuitana maina a ana awo ngati angamve ali kutsidya kwa dambo. A Pulinsipolo anakuwa kuti wina akadzutse dalaivala. Consolata sanadikire galimoto. Anavula nsapato, anazitaya pakhomo la holo, n'kuthamanga pambuyo pa mayiwo.

Nyumba ya mayi Enelesi inali kuseri kwa zigafa za fodya, mtunda wa makilomita awiri. Atafika pakati pa dambo anayamba kuliona denga lake. Pakhitchini sipankatulukanso utsi. Kuphika kunali kutatha.